Nyimbo pa laputopu ya pashopu: Spotify, Boomplay kapena tingokhala ndi fulashi?

Bambo a Chisomo (Chitakale)
Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa inu odziwa zamakompyuta. Pashopu yanga ya fotokope laputopu imakhala yoyaka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa chifukwa cha ntchito yotayipa. Nyimbo zimene zili pa fulashi ndazimva mpaka kuziloweza, makasitomala ayamba kundiseka kuti kodi ndilibe zina. Mphwanga akuti ndiike Spotify, mnyamata wokonza mafoni pafupi nane akuti Boomplay. Intaneti ndimatenga pa foni, ya hotspot ija. Ndiike iti yoti isandimalizire bandulo, komanso yokhala ndi nyimbo zakwathu kuno?

Mayi a Tadala (Bvumbwe)
Funso limeneli mwandifunsira ine achimwene. Ku saluni kwanga nako ndi chimodzimodzi. Ndakhala pansi kudikira mayankho.

DJ wa ku Luchenza
Fulashi madala. Gulani ina yaikulu, mubwere ndikudzazireni. Nkhani yatha.

Wokonza makompyuta (Thyolo Boma)
A DJ musathamange, bambowa afunsa zina. Bambo a Chisomo, tiyambe ndi masamu chifukwa ndi amene akuuzeni zoona kuposa tonsefe.

Nyimbo yomvera pa intaneti imadya data molingana ndi mlingo wa mawu umene mwasankha. Mu Spotify ya pa kompyuta mukalowa ku Settings mupeza milingo iyi: Low ndi 24 kbps, Normal ndi 96, High ndi 160, ndipo ya 320 ndi ya olipira okha. Tikawerengera pa ola limodzi, Low imadya pafupifupi 11 MB, Normal 43 MB, High 72 MB, yapamwamba ija 144 MB. Tsopano inu mumatsegula maola ngati 10. Pa High ndiye kuti 720 MB patsiku, pa masiku 26 ogwira ntchito mukuyandikira 19 GB. Pa Normal ndi cha m'ma 11 GB. Pa Low simufika ndi 3 GB yomwe. Tengani manambala amenewa, muyang'ane mtengo wa bandulo ya pamwezi pa netiweki yanu, muone ngati fotokope ingakwanitse.

Chimene chimathandiza n'chakuti pulogalamu ya pa kompyuta imasunga nyimbo zimene mwamvera kale pamalo otchedwa cache. Mukamabwereza mndandanda womwewo tsiku ndi tsiku, data imene ikutha imakhala yocheperapo poyerekeza ndi masamu ndaperekawa. Wodya data kwambiri ndi munthu wongodumphadumpha kufuna zatsopano.

Bambo a Chisomo (Chitakale)
Eee, 19 GB? Ndiye kuti ndizigwirira ntchito nyimbo. Nanga ya Low iyo imamveka bwino?

Wokonza makompyuta (Thyolo Boma)
Zitengera sipika yanu. Ngati ndi timasipika ta pa desiki tija, makina a fotokope akulira, njinga zamoto za kabaza zikudutsa pamsewu wa ku Muloza, kusiyana kwake simukumva kwenikweni. Koma mukalumikiza ku sabuufa, Low imamveka yopyapyala, ng'oma zilibe thupi. Ine ndimalangiza Normal.

Namwali wa ku Likhubula
Ankolo, ine ndi wa Spotify ndipo sindibisa. Kuno inafika mu February 2021, pomwe anaitsegulira mayiko ambiri a mu Africa nthawi imodzi, ndipo chimene anthu sadziwa n'chakuti yaulere ya pa kompyuta ndi yabwino kwambiri. Mumasankha nyimbo iliyonse imene mukufuna, kuibwereza, kudumpha mmene mungafunire. Kwa zaka zambiri pa foni yaulere inkakusankhirani yokha mosakaniza, n'chifukwa chake ena anaida. Chovuta ndi zotsatsa malonda zimene zimalowa pakatipakati basi. Komanso ikakudziwani zokonda zanu imakupangirani mindandanda yokha. Mukamvera za uzimu masiku angapo iyamba kukubweretserani makwaya a ku Zambia ndi ku South Africa amene simunawamvepo.

Mayi a Tadala (Bvumbwe)
Iwe mwana, nanga ukufuna kunena kuti chinthucho chizindiuza chomvera? Ine ndimadziwa ndekha chimene ndikufuna.

Namwali wa ku Likhubula
Sichikukakamizani anti, chimangokuikirani pambali. Mukafuna mumvera, mukapanda kufuna muzisiya.

Aphunzitsi (Limbuli)
Ndiloleni ndiikire kumbuyo mnyamata wokonza mafoni uja, sanalakwe kutchula Boomplay. Boomplay inayambira ku Nigeria mu 2015 ndipo ndi ya banja limodzi ndi mafoni a Tecno, itel ndi Infinix. N'chifukwa chake ambirife tinangoipeza ili kale mu foni pogula. Anaipangira ife a kuno, oyimba a mu Africa ndi amene amakhala kutsogolo mukangoitsegula. Audiomack nayo, ngakhale ndi ya ku America, achinyamata oyimba kuno amaikonda chifukwa amaikapo nyimbo okha osalipira kanthu.

Koma pali chimodzi chimene mnyamatayo sanakuuzeni. Ziwirizi mphamvu yake ili pa foni. Pa laputopu mumalowera pa Chrome ngati webusaiti ina iliyonse, ndipo kusunga nyimbo kuti muzimvera popanda intaneti kumachitikira mu pulogalamu ya pa foni. Ndiye ngati mukuumirira kuti nyimbo zizichokera mu laputopu momwemo, muzikhala pa intaneti tsiku lonse.

Ine ndimachita chonchi. Usiku ndimagula bandulo ya usiku yotchipa ija, ndimasunga nyimbo mu foni, kukacha ndimalumikiza foniyo ku sipika pa Bluetooth, data nditazimitsa. Laputopu ndimaisiyira ntchito yake yolemba mayeso.

Bambo a Chisomo (Chitakale)
Aphunzitsi nzeru imeneyo ndi yabwino, koma foni yangayi ndi yomwe ndimalandirira ndalama za makasitomala, ndi yomwenso amanditumizira zikalata pa WhatsApp zoti ndisindikize. Ikamalira mphindi iliyonse nyimbo zizidukaduka, ndipo uthenga uliwonse uzimveka pa sipika shopu yonse.

DJ wa ku Luchenza
Mwaona? Tabwerera ku fulashi kuja.

Tandimverani bwino, sindikunena zimenezi chifukwa choti ndimabena nyimbo ayi. Anthu ambiri akamva kuti ukalipira Premium, Spotify ya olipira ija, umadawuniloda, amaganiza kuti nyimbozo zasanduka zawo. Si choncho. Zimene mwadawuniloda mu Spotify kapena Apple Music ndi zokhoma, zimatseguka mu pulogalamu yomweyo basi. Simungazikopere pa fulashi, simungaziike pa memori khadi ya wailesi ya mu minibasi, VLC yomvetsera nyimbo pa kompyuta ija siziona, VirtualDJ imene ndimagwiritsa ntchito ine siziona. Pa masiku 30 alionse muyenera kulowa pa intaneti kamodzi kuti atsimikize kuti mukulipirabe, apo ayi zimatsekeka. Mwezi umene simunalipire, zonse zija zapita. Ndi nyumba ya lendi imeneyo madala, mukhoza kukhalamo zaka khumi koma tsiku lotuluka simunyamula ndi chitseko chomwe.

Tsono ganizani ntchito yanga. Chinkhoswe chili ku Thekerani, kuseri kwa mapiri, netiweki ikubwera n'kumapita. Perekaniperekani wafika pachimake, a kuchikazi aimirira ndalama zili m'manja, aitanitsa nyimbo yawo. Pamenepo ndiyambe kuyang'ana kampira kozungulira pa sikirini? Kapena malonda alowe pakati anthu akuvina? Akhoza kundilanda zokuzira mawu tsiku lomwelo. Nyimbo yanga izikhala pa hard drive, ndiziiona ndi maso, dzina lake ndi kukula kwake.

Namwali wa ku Likhubula
Koma a DJ, ankolowa sakukaimba ku chinkhoswe. Akhala pansi pa Chitakale pomwe netiweki ilipo.

DJ wa ku Luchenza
Ilipo lero. Waiwala namondwe wa Freddy mu March 2023, masiku angati tinakhala opanda magetsi ndi netiweki kuno? Amene anali ndi ka solar ndi memori khadi ndi amene ankamvera nyimbo.

Mayi a Tadala (Bvumbwe)
Nthawi imeneyo ndani ankaganiza za nyimbo inu. Tiyeni tibwerere ku funso. Kulipirako amalipira bwanji? Ndingatumize pa Airtel Money kapena Mpamba ngati mmene ndimalipirira madzi?

Wokonza makompyuta (Thyolo Boma)
Apa ndi pamene ambiri amagwera, mayi. Makampani akuluakulu akunjawa amafuna khadi la ku banki, la Visa kapena Mastercard, lololedwa kugulira zinthu pa intaneti, ndipo ndalama imene ikutuluka ndi yakunja. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kulipoku, khadi limatha kudutsa mwezi uno, mwezi wamawa n'kukana. Ine banki yanga inandikanizapo kangapo popanda kundiuza chifukwa, ndinachita kukafunsa ku nthambi. Komanso mtengo ukakhala wa dola, kwacha ikagwa inu mumalipira zambiri ngakhale iwo sanakweze. Kumbukirani November 2023 pomwe kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Amene ankalipira zinthu za pa intaneti anaziona pa sitetimenti mwezi wotsatira.

Apple Music inafika kuno mu April 2020, ndipo mawu ake ndi abwino zedi, kuyambira 2021 ili ndi mlingo wa lossless wosachotsa kanthu pa nyimbo. Koma ilibe yaulere ya zotsatsa malonda ngati Spotify, ikatha nthawi yoyeserera ndi kulipira basi. Lossless imeneyo pa hotspot musayerekeze n'komwe, nyimbo imodzi imatha kudya data yoposa ola lathunthu la Low. Pa Windows imafuna 10 kapena 11. Kwa bambo a Chisomo ndingoti isiyeni.

Ankolo a ku Makwasa
Mwana wanga ali ku Johannesburg anati andiika pa akaunti yake ya banja, iye ndiye azilipira. Imeneyo si njira?

Wokonza makompyuta (Thyolo Boma)
Ya banja ya Spotify imalola anthu 6, koma lamulo lake limati onse azikhala nyumba imodzi, ndipo amafunsa adiresi. Makwasa ndi Johannesburg si nyumba imodzi ankolo. Ena zimawayendera kwa kanthawi, koma akhoza kukuchotsanipo nthawi ina iliyonse. Chinanso kwa amene anatsegula akaunti yaulere ali ku Joni n'kubwera nayo kuno: yaulere imagwira masiku 14 okha kunja kwa dziko limene munalembetsa. Ikakana musaganize kuti laputopu yawonongeka, lowani mu akaunti musinthe dziko likhale Malawi.

Ankolo a ku Makwasa
Chabwino mwanawe. Koma ine funso langa lenileni ndi lina. Nyimbo zimene ndimazifuna ine zilimo m'zinthu zanuzi? Ndikunena za mabanjo, zimene tinkamvera pa MBC tikuchokera kothyola tiyi. Alan Namoko anali wakwathu konkuno ku Thyolo. Nanga magulu a tchopa amene timawaona ku Chonde mwezi wa October? Makwaya a m'mipingo yathu ya kumudzi amene anajambula pa kaseti?

Aphunzitsi (Limbuli)
Ankolo mwakhudza pamene pamandipweteka. Tchopa analembedwa ndi UNESCO mu 2014 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, koma gulu la m'mudzi mwanu limene limavina bwino kuposa onse simulipeza pa mapulogalamu olipirawa, chifukwa palibe anapita nalo ku situdiyo n'kukalilembetsa. Zoterezi malo ake ndi YouTube. Kumeneko munthu wamba amangojambula ndi foni n'kuika, wina amatenga kaseti ya malemu bambo ake n'kuisandutsa fayilo. Mawu amakhala ndi phokoso la kaseti, dzina la nyimbo nthawi zina lolakwika, koma ilipo. Vuto lake YouTube ndi kanema, imadya data kuposa zonse tatchulazi. Mukaitsegula pa laputopu dinani kagiya kali pansi pa kanemayo, musankhe 144p. Chithunzi chikhala chosaoneka bwino koma inu mukufuna khutu.

Za oyimba atsopano a m'tauni musade nkhawa, ambiri ali paliponse. Ndipo musaiwale mawebusaiti athu ngati Malawi-Music.com, kumene mumatenga mp3 yeniyeni yosunga pa kompyuta. Mdundo ya ku Kenya nayo imapereka mp3 yaulere, kungoti kumayambiriro kwa nyimbo amaikako kamalonda kakafupi.

Mlongo wa kwaya (Goliati)
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilankhuleko ngati mmodzi wa oyimba. Kwaya yathu inajambula chimbale, tinasonkha ndalama za situdiyo ku Blantyre pogulitsa tomato ndi kabichi. Titafuna kuti chipezeke pa intaneti tinaphunzira zambiri.

Ku Spotify ndi Apple Music simuika nokha. Mumadzera kwa ogawa nyimbo ngati DistroKid kapena TuneCore, ndipo ambiri mwa iwo amafuna malipiro a pachaka, a dola, pa khadi lomwe lija likuvutali. Munthu akamvera, zimawerengedwa pokhapokha wadutsa masekondi 30. Ndiye kuyambira 2024 Spotify inaika lamulo lakuti nyimbo imene sinamveredwe ka 1,000 pa miyezi 12 silandira kalikonse. Kwa oyimba otchuka chikwi ndi cha tsiku limodzi. Kwa kwaya ya ku Goliati, imene omvera ake ndi amayi a mvano opanda bandulo, chikwi pa nyimbo iliyonse ndi phiri. Ku Audiomack tinaika tokha kwaulere tsiku limodzi, ndipo achibale a ku Lilongwe ndi ku Joni amamvera kumeneko.

Koma a DJ, ndi inu amene ndikufuna mundiyankhe. Mukamadzaza fulashi ya munthu ndi nyimbo mazanamazana n'kulandira ndalama, za kwaya yathu zili momwemo, ife timapezapo chiyani?

DJ wa ku Luchenza
Achemwali, funso lanu ndi lolemera ndipo sindilithawa. Koma ndikufunseni, anthu a ku Luchenza anaidziwa bwanji kwaya yanu? Amene anakuitanani kukaimba ku ukwati anakumverani pa Spotify? Oyimba eni ake amanditumizira nyimbo pa WhatsApp kundipempha kuti ndiziike pa fulashi za anthu. Ena amachita kubwera ndi kabaza.

Mlongo wa kwaya (Goliati)
Amene wakutumizirani yekha wakupatsani. Amene sanakutumizireni mwamutengera. Pali kusiyana achimwene.

Aphunzitsi (Limbuli)
Apa mpofunika titchule COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, limene likugwira ntchito pansi pa lamulo la Copyright la 2016. Obena nyimbo, ma DJ, mabala, malo ogona alendo, onse amayenera kukhala ndi chiphaso chawo, ndipo ndalama zake ndi zimene zimagawidwa kwa oyimba olembetsa. Mlongo, ngati kwaya yanu sinalembetse nyimbo zake kumeneko, yambani ndi zimenezo. Ndipo bambo a Chisomo ndi mayi a Tadala, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Malamulo a Spotify ndi anzake amati akaunti ndi yomvera munthu payekha, osati yosangalatsira makasitomala pamalo a bizinesi. Kulipira Premium sikulowa m'malo mwa chiphaso.

DJ wa ku Luchenza
Changa chilipo, chili pakhoma, aliyense abwere adzaone.

Bambo a Chisomo (Chitakale)
Aphunzitsi mwandiopsa. Kashopu kanga munthu akalowa wachiwiri amaima panja. Nyimbozo ndimamvera ndine, kasitomala amangozipeza.

Mayi a Tadala (Bvumbwe)
Inu bola. Ine kasitomala amakhala maola anayi ndikumuluka, ndinganene bwanji kuti amangozipeza?

Aphunzitsi (Limbuli)
Ine si woweruza. Afunseni eni ake a COSOMA akuuzeni gulu limene shopu yanu ikugwera, kusiyana n'kumva za m'maluwa.

Mnyamata wa pa Nkando
Bwanji mukuvutika chonchi akuluakulu? Pali Premium yaulere, ndili nayo pa foni, ya pa kompyuta iliponso. Amene akufuna andipeze ku inbox.

Wokonza makompyuta (Thyolo Boma)
Aise, chotsa zimenezo. Bambo a Chisomo musayese. Mapulogalamu obedwawo ndi amene amandibweretsera ntchito kuno, laputopu imabwera itadzaza mavairasi, mafayilo onse asanduka ma shortcut. Inu mu laputopu yanu muli makalata a anthu ofunsira ntchito, ma CV, zithunzi za ziphaso zawo, ndipo tsiku lililonse mukulowetsamo fulashi za makasitomala. Vairasi ikalowa kwa inu, mawa ili ku masukulu onse a Mulanje. Akaunti yomwe akhoza kukutsekerani. Pulogalamu tengani pa webusaiti ya eni ake kapena mu Microsoft Store basi.

Mundiuzenso, laputopuyo ili ndi Windows yanji, ndipo RAM ndi yochuluka bwanji?

Bambo a Chisomo (Chitakale)
Mphwanga wayang'ana, akuti Windows 10, RAM 4 GB. Ndinaigula yakale ku Limbe.

Wokonza makompyuta (Thyolo Boma)
Ikwanitsa, koma mwapang'onopang'ono. Ikanakhala Windows 7 pulogalamu yatsopano ya Spotify sikanalowa. Ndi 4 GB, mukatsegula Word, Chrome ndi nyimbo nthawi imodzi muona ikulemera, makamaka posindikiza zithunzi. Ndiye sankhani chimodzi, pulogalamu kapena Chrome, osati zonse. Mu Settings muzimitse zoti izidzitsegula yokha kompyuta ikayaka.

Chachikulu kuposa zonse ndi ichi, ndipo mayi a Tadala mumvetsere. Laputopu ikalumikizidwa ku hotspot imaona ngati yapeza Wi-Fi yopanda malire, ndiye imayamba kudzikonza yokha, kukoka ma update akuluakulu mwakachetechete. Anthu amanamizira nyimbo pomwe bandulo yapita ndi zimenezo. Lowani ku Settings, Network, dinani dzina la hotspot yanu, muyatse pamene alemba Metered connection. Mukatero Windows imadziletsa. Ma update muzipanga mwadala, tsiku limene mwagula bandulo ya usiku.

Pali kanthu kenanso kamene kagwirizanitse a DJ ndi namwali wathuyu. Spotify ya pa kompyuta ili ndi gawo la Local Files. Mukaliyatsa n'kuiuza foda imene muli ma mp3 anu, nyimbo za pa fulashi zija zimaoneka mu pulogalamu momwemo, ndipo mukhoza kuzisakaniza mu mndandanda umodzi ndi za pa intaneti. Zanu zikamaimba sizidya data.

Namwali wa ku Likhubula
Ichi sindinkachidziwa ngakhale ine.

DJ wa ku Luchenza
Ndiye kuti fulashi yanga ikufunikabe. Ndimanena ine.

Mlongo wa kwaya (Goliati)
Ikufunika, koma za kwaya yathu bambo a Chisomo adzagule kwa ife. Ndikutumizirani ngati document pa WhatsApp kuti mawu asaphwanyike, mtengo tikambirana kumbali.

Bambo a Chisomo (Chitakale)
Tumizani mlongo, ndigula. Ndaika Spotify yaulere ija, ndasankha Normal, Metered ndayatsa. Ndiyesa sabata imodzi ndikuyang'ana mmene bandulo ikutsikira, ndikaona kuti ikuthamanga nditsitsira ku Low. Za khadi la ku banki ndaziika kaye pambali. Chandidabwitsa n'chakuti ndangolemba dzina la woyimba mmodzi wa uzimu, yanditulutsira zimbale zake ndi zina zimene sindinkadziwa kuti anatulutsa. Koma ankolo a ku Makwasa, gulu la tchopa la kwathu ndalifufuza, mulibe.

Ankolo a ku Makwasa
Ndinadziwa. Mwezi wa October ndipita ndi mdzukulu wanga ku Chonde akajambule ndi foni yake. Aphunzitsi mudzatithandize kuika pa YouTube paja.

Aphunzitsi (Limbuli)
Ndidzathandiza, koma mukayambe mwapempha eni gululo, ndipo mukalembe dzina la mudzi ndi la mtsogoleri wawo kuti tidzaike bwinobwino. Mdzukuluyo akaime pafupi ndi oyimba, osati pafupi ndi ng'oma yaikulu, apo ayi mawu onse adzamira.

Mayi a Tadala (Bvumbwe)
Inu a makompyuta, Metered yo ndaisaka sindikuiona, laputopu yanga zolemba zake zikusiyana ndi zimene mwanenazi. Mudutsa liti ku Bvumbwe?

Wokonza makompyuta (Thyolo Boma)
Yanuyo iyenera kuti ndi Windows 11, pamenepo ili mkati mwa Properties ya Wi-Fi. Loweruka ndikupita ku Limbe kukagula ma charger, nditsikira pa msika cha m'ma 9 koloko. Mudzaitchajiretu, batire lake lija ndikulidziwa.